Bola hotela kusiyana ndi bwinja

Ku Britain kuli mtsutso umene sutha, ndipo umabukanso nthawi iliyonse imene nyumba ina yaikulu yakale ya kumudzi yagulitsidwa kwa kampani yofuna kuisandutsa hotela. Nyumba zake ndi zija zinamangidwa ndi mabanja a eni malo olemera zaka mazana awiri, atatu kapena anayi zapitazo, za zipinda zambirimbiri, zozunguliridwa ndi minda ya maluwa, nkhalango ndi mabusa a nkhosa. Mbali imodzi ikuti kusandutsa nyumba yotere kukhala malo ogona alendo n'kugulitsa mbiri ya dziko kwa anthu a ndalama, komanso kuti alendo amene mahotelawa amakopa ndi omwewo akudzaza midzi yoyandikana nawo mpaka eni mudzi kusowa popondera. Mbali inayo ikuti pakadapanda mahotelawa, nyumba zambiri zikadagwa kalekale. Ine ndili ku mbali yachiwiriyi, ndipo ndikuonjezerapo kuti hotela ndiyo tsogolo labwino koposa limene nyumba zambiri za mtunduwu zingapeze, ndiponso kuti mlendo wogona m'menemo mausiku angapo, n'kumadzuka m'mawa kukayenda pansi m'dera lozungulira, ndiye mlendo amene midzi ingathe kumulandira osalemedwa naye. Komabe mfundo za otsutsa si zachibwana ayi, ndipo zikufunika kuyankhidwa mofatsa.

Tisanalowe m'mfundozo, ndi bwino kukumbukira chimene chinachititsa kuti nyumbazi zifike pofuna wozipulumutsa. Chuma chimene chinkaziyendetsa chinali lendi imene alimi ankalipira kwa mwini malo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1870, tirigu wotchipa wochokera ku America anagwetsa mitengo ya zokolola, ndipo lendi nayo inatsika. Mu 1894 boma linakhazikitsa msonkho wa chuma cha masiye, umene poyamba unali wochepa koma unkakwera m'kupita kwa zaka. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse inapha anyamata ambiri amene akadalowa m'malo mwa makolo awo, ndipo antchito amene ankakolopa, kuphika ndi kukoleza moto m'zipinda zonsezo anayamba kupeza ntchito za malipiro abwinoko m'mafakitale ndi m'maofesi. Pa nkhondo yachiwiri boma linatenga nyumba zambiri n'kuikamo asilikali, zipatala ndi masukulu, ndipo pozibweza zambiri zinali zitaonongeka mawindo, masitepe ndi madenga. Pofika 1950 msonkho uja unali utafika pa 80 peresenti kwa a chuma chochuluka. M'chaka chimenecho Duke wa ku Devonshire (Duke ndi dzina la ulemu la mutu wa banja lapamwamba ku Britain), mwini nyumba yotchuka ya Chatsworth, anamwalira mwadzidzidzi, ndipo banja lake linatha zaka zambiri likulipira msonkhowo, mpaka nyumba yawo ina, Hardwick Hall, anaipereka ku boma m'malo mwa ndalama. Ngati banja lolemera chotero linaona zakuda, mabanja ocheperako mphamvu analibe chochita koma kuitana ogumula, n'kugulitsa mtovu wa padenga, matabwa ndi miyala. M'zaka za m'ma 1900 dziko la England lokha linataya nyumba zotere zoposa 1,000, ndipo anthu ambiri anadzidzimuka mu 1974, pamene Victoria and Albert Museum ya mumzinda wa London inachititsa chionetsero cha zithunzi za nyumba zogwetsedwazo.

Mahotela amene tikunenawa anabadwa m'nyengo yomweyo ya kugumula. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, Francis Coulson anatsegula Sharrow Bay m'mphepete mwa nyanja ya Ullswater, ndipo ambiri amaitenga ngati hotela yoyamba ya mtunduwu. Mu 1958 Gravetye Manor ya ku Sussex, kumene katswiri wa minda ya maluwa William Robinson anakhala mpaka imfa yake mu 1935, inakhalanso hotela, ndipo munda wake umene unali utayamba kulowa tchire unapeza ousamalira. Middlethorpe Hall, pafupi ndi York, inali itasanduka malo ovinirako usiku isanakonzedwenso kukhala hotela. Hartwell House, kumene mfumu Louis XVIII ya ku France inakhala pothawa kwawo kuyambira 1809 mpaka 1814, inapsa ndi moto mu 1963 ili sukulu ya atsikana, ndipo amene anaibwezera ulemerero wake ndi a hotela. Tikaona mbiri imeneyi, zikuonekeratu kuti nyumba zambiri sizinali kusankha pakati pa kukhala hotela ndi kukhalabe ya banja lake lija. Banjalo linali litachoka kale. Zinali kusankha pakati pa hotela ndi bwinja.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi ya chilungamo. Iwo akuti nyumba zimenezi zinamangidwa ndi thukuta la anthu wamba, kotero ngati eni ake alephera kuzisunga, ziyenera kutsegulidwa kwa aliyense ngati malo osungirako zinthu zakale, osati kutsekeredwanso kuseri kwa mtengo wa chipinda umene munthu wogwira ntchito wamba sangaukwanitse. Ndi zoona kuti mahotela ambiri otere ndi odula, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezo. Koma funso ndi lakuti, ndani angazitenge nyumba zonsezo? Bungwe la National Trust, limene linakhazikitsidwa mu 1895 ndi Octavia Hill, Robert Hunter ndi Hardwicke Rawnsley, lili ndi mamembala oposa 5 miliyoni ndipo limasamalira nyumba zakale zoposa 200, komabe nalo silingolandira nyumba chifukwa choti wina waipereka mwaulere. Kawirikawiri limafuna kuti nyumbayo ibwere ndi thumba la ndalama zoisamalirira mpaka kalekale, chifukwa likudziwa kuti mphatso ya nyumba yaikulu yopanda ndalama ndi ngongole. Komanso si nyumba iliyonse imene ili ndi zithunzi, mipando kapena mbiri yoti anthu angalipire kukaona. Zambiri zinagulitsidwa katundu wake yense kalekale, kunangotsala makoma ndi denga. Nyumba yotere ikatsegulidwa ngati malo oonerako zakale, pabwera anthu ochepa tsiku Loweruka, ndipo ndalama ya pakhomo siingakwane ngakhale kulipira wotchetcha kapinga.

Kuonjezera apo, si zoona kuti hotela ndi anthu wamba sizingakhalire limodzi. Cliveden, nyumba yoyang'ana mtsinje wa Thames imene banja la Astor linapereka kwa National Trust mu 1942, yakhala hotela kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1980. Ogona amalipira ndalama zambiri, lendi ya hotelayo imapita ku bungwe lija, ndipo minda yake ndi nkhalango zake zimadzaza ndi mabanja amene angobwera kudzayenda tsikulo. Mu 2008 mahotela atatu, Hartwell House, Middlethorpe Hall ndi Bodysgallen Hall ya ku Wales, anaperekedwa kwa National Trust kuti phindu lawo lizithandiza nyumbazo ndi ntchito za bungwelo. Pamenepa wolemera akulipirira denga limene wosauka akulionanso. Ngakhale m'mahotela amene si a bungweli, munthu amene sangakwanitse chipinda angathe kulowa kukamwa tiyi wa masana kapena kukadya nkhomaliro, n'kukhala m'chipinda chochezera chimene agogo ake akadaloledwa kulowamo pokhapokha atanyamula chidebe cha makala. Sindikunena kuti kumeneko ndi kufanana kwa anthu onse. Ndikungoti chitseko n'chotsegukirapo kusiyana ndi pamene nyumba yagulidwa ndi mpondamatiki mmodzi amene waikapo chipata cha magetsi ndi makamera, ndipo masiku ano iyeyo ndiye amene kawirikawiri amapikisana ndi a hotela pogula.

Mfundo yachiwiri ikuchokera kwa okonda zomangamanga zakale, ndipo ndi yomveka. Iwo akuti hotela imaononga nyumba pang'onopang'ono: chipinda chachikulu chimagawidwa kuti mulowe bafa, makoma amabooledwa kuti mudutse mapaipi, khola la mahatchi limasanduka malo osisitirako thupi, ndipo pamene panali dambo pamathiridwa phula kuti paziima galimoto. Zimenezi zachitikadi m'malo ena, ndipo pali mahotela amene anamanga zipinda zatsopano zonyansa pambali pa nyumba yokongola. Koma choyamba, nyumba zambiri zotere zili m'kaundula wa nyumba zotetezedwa, ndipo kuyambira 1968 kuzigumula kapena kuzisintha popanda chilolezo cha khonsolo ndi mlandu. Wofuna kuboola khoma amayenera kufotokoza chifukwa chake. Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, chimene chimapha nyumba yakale msanga si bafa latsopano koma kusowa munthu wogonamo. Masamba akatseka ngalande ya padenga m'nyengo ya kugwa kwa masamba, madzi amasefukira n'kulowa m'khoma. M'nyumba yopanda anthu, madziwo amayenda miyezi yambiri popanda wowaona, matabwa amanyowa, bowa wowoletsa mitengo amamera kuseri kwa pulasitala, ndipo podzazindikira, mitanda yonyamula denga yafumbwa. Akuba nawo akaona kuti mawindo sakuyaka usiku amakwera kukasenda mtovu. Mu hotela, wokonza m'zipinda akalowa m'mawa kudzasintha nsalu za pabedi, amaona kadontho kachikasu pasiling'i, amakanena ku ofesi, ndipo lisanalowe dzuwa munthu wakwera kale ndi makwerero, chifukwa chipinda chodontha sichingagulitsidwe usiku umenewo. Dyera la wamalonda ndi thanzi la nyumba zimakumana pa kadontho kameneko.

Mfundo yachitatu ndi imene ine ndimaiona yolemera kuposa zonse. Chuma chimene chinamanga kapena kukongoletsa nyumba zina mwa zimenezi chinachokera ku ukapolo ndi utsamunda. Harewood House ya ku Yorkshire inamangidwa ndi banja la Lascelles, limene linalemera ndi malonda a shuga ndi minda ya akapolo ku zilumba za Caribbean. Pamene nyumba ya malamulo ya Britain inathetsa ukapolo mu 1833, inapereka chipepeso cha mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo, osati kwa akapolowo, ndipo akatswiri a ku University College London anasonkhanitsa mayina a amene analandira ndalamazo, ena mwa iwo okhala m'nyumba za kumidzi zomwezi. Mu 2020 National Trust inatulutsa lipoti lotchula malo ake 93 amene ali ndi mbiri yokhudzana ndi ukapolo kapena utsamunda, ndipo panabuka phokoso lalikulu. Otsutsa akufunsa kuti, munthu angagone bwanji tulo tabwino m'chipinda chotere, akusangalala ndi ulemerero umene ena anaulipira ndi moyo wawo? Funso limeneli siliyenera kuyankhidwa mopepusa, ndipo mlendo amene safuna kugona m'nyumba yotere ali ndi ufulu wonse wokana.

Komabe tiyeni tione kumene mfundoyi ikutifikitsa. Kugumula nyumbayo sikubweza kanthu kwa ana a akapolo, kumangofafaniza umboni. Kuisandutsa malo osungirako zakale nakonso sikuiyeretsa. Penrhyn Castle ya kumpoto kwa Wales, imene banja la Pennant linamanga ndi chuma cha shuga wa ku Jamaica ndi cha mgodi wa miyala yofolerera, ili m'manja mwa National Trust, komabe pali anthu a m'deralo amene mpaka lero sapondamo chifukwa chokumbukira sitalaka yaikulu ya ogwira ntchito pamgodipo ya 1900 mpaka 1903. Choncho vuto silili pa ntchito imene nyumbayo ikugwira lero, koma pa zimene imanena ndi zimene imabisa. Mahotela ambiri amaika kabuku ka mbiri ya nyumba m'chipinda chilichonse, ndipo m'timabuku timeneti mumadzaza maukwati, maulendo a mafumu ndi mayina a amisiri, koma pofika pa gwero la ndalama pamangolembedwa kuti mwini wake anali wamalonda wopambana. Chinyengo chili pamenepo, ndipo n'chokonzeka ndi tsamba limodzi lonena zoona. Mlendo nayenso angathe kufunsa, ndipo hotela imene imafunsidwa kawirikawiri imaphunzira kuyankha. Ndi bwinonso kunena kuti si nyumba zonse zili ndi mbiri imeneyi. Zina zinamangidwa ndi ndalama za ubweya wa nkhosa, malasha, nsalu kapena mowa, ngakhale kuti nazonso zili ndi anthu awo amene anavutika pozipanga.

Mfundo yachinayi ikutitulutsa kunja kwa mpanda. Akuti midzi ya ku England yatopa ndi alendo, ndipo chitsanzo chimene aliyense amatchula ndi Bibury, mudzi wa anthu mazana ochepa chabe m'dera la Cotswolds. Kumeneko kuli mzere wa tinyumba ta miyala wotchedwa Arlington Row, umene unamangidwa cha m'ma 1380 ngati mosungira ubweya ndipo pambuyo pake unakhala nyumba za owomba nsalu. Mabasi akuluakulu amatsitsa anthu ambirimbiri pakamsewu kopapatiza, anthuwo amajambula zithunzi, ena mpaka kusuzumira m'mawindo a eni ake, ndipo mu 2025 akuluakulu a deralo anayamba kuchepetsa malo oimikapo mabasiwo. Ku Lake District, dera la nyanja ndi mapiri kumpoto kwa England, kumene kumakhala anthu pafupifupi 40,000, kumafika alendo oposa 15 miliyoni pachaka. Dandaulo limeneli ndi lenileni. Koma otsutsa akulakwitsa pophatikiza alendo onse m'gulu limodzi. Paja amati mlendo ndi mame, ndipo mwambiwu ukumukwanira ndendende wobwera pabasi: wafika, wajambula, wagwiritsa ntchito chimbudzi cha mudzi, ndipo ola lisanathe wakamuka, osasiya kanthu kupatula utsi ndi zinyalala. Wogona pa hotela ya pafupi amachita mosiyana, osati chifukwa ndi munthu wabwino kuposa mnzakeyo, koma chifukwa ali ndi nthawi. Angathe kufika ku Bibury m'mamawa mabasi asanabwere, kapena madzulo atachoka. Mawa lake sabwereranso komweko, amapita ku mudzi wina umene sudziwika, kukaona tchalitchi chakale, msika wa alimi kapena munda wa maluwa umene umatsegulidwa masiku ochepa. Motero amamwaza phazi lake ndi ndalama zake pa malo ambiri, m'malo moziunjika pamalo amodzi.

Chimene chimatheketsa zimenezi ndi njira zapansi zimene malamulo amateteza. Ku England ndi ku Wales kuli njira zotere zotalika mamailosi pafupifupi 140,000, zodutsa m'minda ndi m'mabusa a anthu, ndipo mwini munda saloledwa kuzitseka. Ufulu woyenda kumidzi sunabwere wokha. Pa 24 Epulo 1932 anthu mazana angapo, ambiri a iwo ogwira ntchito m'mafakitale a ku Manchester, anakwera dala phiri la Kinder Scout limene linkasungidwira olemera osaka mbalame, analimbana ndi alonda, ndipo asanu anatsekeredwa m'ndende. Lamulo la 1949 linatsegula njira yokhazikitsira mapaki a dziko, omwe ndi madera aakulu otetezedwa, Peak District, kumene kuli phirilo, inakhala yoyamba mu 1951, ndipo lamulo lina la 2000 linalola anthu kuyenda momasuka m'mapiri ndi m'zipululu zina. Mu 2002 Duke wa ku Devonshire wa nthawiyo anapepesa poyera chifukwa cha zimene zinachitika m'masiku a agogo ake. Pali china chake chokoma poona kuti nyumba zimene kale zinkatuma alonda kukathamangitsa oyenda pansi, lero zili ndi kachipinda pakhomo lakumbuyo kodzaza ndi nsapato za jombo za misinkhu yonse, maambulera ndi mapu oonetsa njira za m'deralo, zoti mlendo abwereke. Amatuluka, amatsata timivi tachikasu tokhomedwa pamitengo ya mpanda, amakwera timasitepe ta miyala todutsira khoma, amasiya chipata monga wachipezera kuti nkhosa zisasokonekere, ndipo galu wake amamugwira pachingwe. Wogona pafupi ndi Ullswater angathe kukwera boti mpaka ku Howtown n'kubwerera pansi m'mphepete mwa nyanja kukafika ku Glenridding, ulendo wa maola angapo, n'kudya m'kanyumba kodyera ka m'mudzimo. Tsiku lonselo galimoto yake siinayende, ndipo msewu wa mudzi sunamumve kulemera.

Ndiponso ngati tikufunadi kudziwa chimene chikukhuthula midzi yokongola, tisayang'ane ku hotela koma ku nyumba wamba zimene zagulidwa ndi anthu a m'tauni kuti azibweramo pa tchuthi, kapena zimene zikubwereketsedwa kwa alendo kudzera pa intaneti. Nyumba iliyonse yotere ndi banja limodzi la m'deralo limene lasowa pokhala, ndipo mabanja akachepa, sukulu imatsekedwa, kenako sitolo ndi positi ofesi. N'chifukwa chake anthu a ku St Ives ku Cornwall anavota mu 2016 kuti nyumba zatsopano zizigulitsidwa kwa okhalamo chaka chonse okha, ndipo makhonsolo a ku Wales kuyambira 2023 ali ndi mphamvu yoonjezera msonkho wa nyumba zachiwiri ndi 300 peresenti. Hotela ya zipinda 30 imagoneka alendo onsewo m'nyumba imodzi imene palibe mphunzitsi kapena namwino akadaigula. Amene akudana ndi kutha kwa midzi anayenera kukhala oyamba kuikonda.

Mfundo yotsiriza ndi imene ndikugwirizana nayo theka. Akuti ndalama za mlendo zimathera mkati mwa mpanda, chifukwa hotela ili ndi chakudya chake, dziwe lake losambiramo ndi zosangalatsa zake, phindu limapita kwa eni kampani amene ali kutali, ndipo a m'deralo amangotolako ntchito za malipiro ochepa. Pa za ntchito, n'zoona kuti malipiro a m'mahotela ndi otsika, ndipo zinatengera lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2024 kuti ndalama zonse zimene alendo amasiyira antchito zizifikadi kwa antchitowo. Koma kumidzi kumene ulimi wamakono umalemba anthu ochepa kwambiri, nyumba imodzi yolemba ophika, osamalira minda, akalipentala ndi okonza mapaipi chaka chonse si chinthu chochepa. Amene akukayikira kuti midzi imadalira alendo akumbukire chaka cha 2001, pamene matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi anagwa pa ziweto. Nyama zoposa 6 miliyoni zinaphedwa, njira zapansi zinatsekedwa pafupifupi m'dziko lonse, ndipo alendo anasiya kubwera. Zitatha, zinaoneka kuti ntchito zokopa alendo zinataya ndalama zambiri kuposa ulimi weniweniwo, ndipo ku Cumbria ogulitsa buledi, oyendetsa matakisi ndi eni malo omwera anavutika pamodzi ndi alimi. Chaka chimenecho chinaonetsa kuti chimene chimabweretsa mlendo kumudzi ndi njira yoyendamo, ndipo ikatsekedwa, bedi labwino palokha silimukopa.

Theka limene ndikuvomereza ndi ili: ilipo hotela imene imachita dala kuti mlendo asatuluke, imene imamugulitsa mpumulo wa mkati mwa mpanda ngati kuti dera lonse lozungulira ndi chithunzi cha pawindo basi. Hotela yotero ndi yoyeneradi kudzudzulidwa, ndipo mlendo amene wayenda ulendo wautali kukagona pakati pa mapiri a Dartmoor kapena pafupi ndi khoma lakale la Aroma la Hadrian, n'kubwerako atangoona dziwe losambiramo ndi chipinda chodyera, wadzimana yekha ndipo wamananso deralo. Koma mankhwala ake si kukaniza nyumba zakale kukhala mahotela. Makhonsolo ali ndi mphamvu yoika zofunika kutsata popereka chilolezo, ndipo aziigwiritsa ntchito molimba mtima. Wofuna kumanga zipinda zoonjezera auzidwe kuti ayambe wakonza denga la nyumba yakaleyo. Njira zapansi zodutsa pamalopo zikhale zotseguka ndi zolembedwa bwino, osati zobisidwa kuseri kwa zikwangwani zoopseza. Munda wa maluwa uzitsegulidwa kwa anthu a m'deralo masiku ena pachaka, ndipo pakhale nyumba zogona antchito pamalo pomwepo kuti asakapikisane ndi eni mudzi pa nyumba zochepa za lendi. Zonsezi n'zotheka kuzilemba m'pangano hotela isanatsegulidwe, pamene wamalonda akufunabe siginecha ya khonsolo ndipo ali wokonzeka kumva.